Ku Ulongwe anawaitana kudzagula damu, ife kuno akuti sitingamve

Sabata yatha ndinanyamuka pa Dedza m'mamawa, ndalama za mbatatesi zili m'thumba, ulendo wa ku Lilongwe kukafunsa za unit trust pa kampani ina. Mnyamata amene anandilandira anayamba wandiyang'ana kumapazi, kenako nkunditulutsira chikalata cha Chingerezi chokhachokha. Nditafunsa kuti iwo amadulapo zingati pa chaka, anandiuza kuti zimenezi nzovuta kwa munthu ngati ine, kuli bwino ndikangosunga ku banki. Mpaka lero mtima ukundiwawa.

Chovuta nchiyani pamenepa? Mu unit trust, anthu ambiri mumasonkha ndalama m'thumba limodzi, akatswiri amakagula masheya kapena kubwereketsa boma, phindu mumagawana malinga ndi zimene aliyense anaponya, iwo nkutapapo malipiro awo. Zikavuta mtengo umatsika, nonse mumaluza. Amayi a banki m'khonde kwathu kuno amawerengera chiwongola dzanja cha anthu makumi awiri m'kope limodzi, Disembala ikafika osasowa ngakhale K50. Amenewo ndiye alephere kumva?

Tsono taonani anzathu kuseri kwa Calomue, chipata cholowera ku Mozambique pa malire a Dedza. Mu 2019 kampani ya damu la Cahora Bassa inagulitsa magawo 4 pa 100 alionse a masheya ake kwa anthu a ku Mozambique okhaokha, sheya imodzi mametikali atatu, ndalama za kumeneko. Msuweni wanga wa ku Ulongwe wa m'boma la Angónia ku Mozambique, mlimi ngati ine ndemwe, anagulako. Palibe anamuuza kuti mutu wake ndi waung'ono. Akamakamba za magetsi ochokera ku Songo, komwe kuli damulo, amati "kampani yathu", ine nsanje kundigwira.

Ndisanamize anthu, sikuti kumeneko zonse zili bwino. Zikalata zawo ndi za Chipwitikizi, msika wawo wa masheya uli kutali ku Maputo, ndipo ambiri ku Angónia amadalirabe xitique, chomwe ndi chipereganyu chathu chomwechi. Komanso iye anagula masheya a kampani imodzi, pamene thumba limamwaza ndalama m'malo ambiri. Msika wathu wa ku Blantyre uli ndi moyo ndithu, amene anagula masheya a Airtel Malawi pa K12.69 imodzi mu 2020 angachitire umboni. Ku Zambia nako a ku Chipata amalimbana ndi Chingerezi ngati ife.

Koma ife ndi amene tikufunika zinthuzi kuposa onsewo. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, metikali ili chiimire, ndipo amene timagula katundu pa Lizulu tinaziona ndi maso. Ndalama yongogona mu akaunti inasungunuka ngati mchere m'madzi. Ndiye munthu akubwera yekha kudzafuna pothawira, inu nkumubweza pakhomo?

Lachiwiri ndikubwereranso. Mafunso ndalemba papepala m'Chichewa: mumadula zingati, ndikafuna ndalama zanga zimatuluka pakatha masiku angati, ndipo kalata yanu ya chilolezo ya ku Reserve Bank ili kuti. Sindidzuka pampando mpaka andiyankhe onse atatu.