Anyamata ojambula a ku Senga Bay, tajambulaniko doko mmawa

Ndiyankhuleko ndi abale athu ojambula pamanja aja amayala zithunzi mumsewu wopita kumahotela ku Senga Bay. Luso muli nalo, palibe angatsutse, koma bwanji zonse zimangofanana? Mlambe, dzuwa lofiira, kabwato kamodzi kali phee, mayi wasenza mtsuko, basi. Nyanja yathuyi siikhala duu choncho ndipo inunso mukudziwa.

Kuli mkulu wina wa ku France dzina lake Claude Monet, anabadwa 1840 nkumwalira 1926, anakulira mutauni ya padoko yotchedwa Le Havre. Mu 1872 anakhala pawindo la hotela nkujambula doko lakwawo mbandakucha, chithunzicho anachitcha Impression, soleil levant, kunena za kutuluka kwa dzuwa. Tachisakani pa intaneti muone. Sichachikulu ayi, 48 cm ndi 63 cm basi, koma muli nkhungu, muli utsi wa sitima, zimakina zonyamulira katundu zikungooneka mwa chizimezime kumbuyo, kutsogolo timabwato takuda anthu akupalasa, ndiye kadzuwa ka olenji kali pamwamba kuwala kwake kwagwera pamadzi, wangopaka timizere tingapo ta burashi koma madziwo ukuwaona akugwedezeka ndithu. Munthuyu sanabise utsi kuti chikongole, anajambula malo a ntchito mmene analili nthawi imeneyo.

Atachionetsa ku Paris mu 1874 anthu anamuseka. Mtolankhani wina Louis Leroy analemba munyuzi kuti ngakhale pepala lomata pakhoma lomwe angoliyamba kumene ndi lomalizika kuposa chimenechi, nkuwatcha Monet ndi onse a gulu lake ma Impressionist monyoza potengera dzina la chithunzicho, dzina lija linakakamira mpaka lero. Chinagulidwa ma franc 800, ndalama za ku France za nthawiyo, pofika 1878 chinagulitsidwanso 210 yokha, tangoganizani. Pano chili kunyumba yoonetserako zithunzi ya Musée Marmottan Monet ku Paris, mbava zinachiba 1985 chinapezeka 1990.

Ndiye bwerani kuno kwathu. Ife a ku Salima dzuwa limatitulukira panyanja penipeni, cha kuseri kwa chilumba cha Namalenje, chomwe Monet amadzukira mmamawa ife tili nacho tsiku ndi tsiku ulele. Pitani padoko nthawi yomwe maboti a usipa akubwerako, injini zikulira, nyali zomwe agwiritsa usiku wonse zina sanazime, alovi akutsitsa chilimila chonyowa miyendo ili mbuu ndi mchenga, amayi ndi mabeseni alowa mmadzi mpaka mmawondo zitenje atakwinyira mmwamba kulimbirana kufika paboti, wina akuyeza usipa ndi chigoba uku akukangana mtengo, kumtunda ena ayamba kale kuyanika pamathandala usipa uli waliwali, utsi wa ophika tiyi ndi okazinga ukuyenda chapansipansi, akabaza aima chire kudikira katundu. Zonsezi mphindi zochepa zasintha, kuwala kwa 5 koloko si kwa 6 koloko, ndipo kujambula kwa Monet kuja kunali kothamangitsana ndi kuwala komweko. Iyenso anachita kuphunzitsidwa ndi Eugène Boudin, wojambula wa chigawo chakwawo komweko, kuti tuluka mnyumba ukajambulire panja pomwe zinthu zikuchitikira.

Ndikudziwa muti alendo amagula za mlambe zomwezo ndipo pakhomo pakufunika ufa, penti nayenso wakwera mtengo. Zoona, pitirizani kujambula zogulitsazo, sindikuti musiye. Koma pa zithunzi khumi chimodzi chokha chikhale cha doko lathu, cha tsiku la mwera maboti atakokeredwa kumtunda asodzi akusoka maukonde, kapena cha ku Chipoka. Ana athu adzafuna kuona mmene doko linkakhalira usipa ukadalipo, ndipo zamufoni zimapita ndi foni ikafa kapena ikabedwa.

Ine chotere ndingagule nkupachika pabalaza. Ngati alipo wajambulapo kale doko mmawa, kaya wa ku Senga Bay kaya ku Nkhotakota, mutiponyere tichione.