Vuto si buledi yekha

Inu olemba nkhani ya matenda a celiac, omwe amaononga matumbo munthu akamadya zakudya za tirigu, mwanena kuti kholo lingosiya kumpatsa mwana wodwalayo buledi, koma tirigu amabisala m'malo ambiri. Mwana wanga wa zaka zinayi atamupeza ndi matenda a celiac, ndinalimba mtima podziwa kuti nsima, mpunga ndi chinangwa zilibe gluten, puloteni ya mu tirigu yomwe imayambitsa vutoli. Komabe anapitirizabe kutsekula m'mimba, mpaka ndinazindikira kuti zitumbuwa zomwe agogo ake ankamugulira kumsika zinkakazingidwa m'mafuta omwe akazingiramo kale mandasi. Kunyumba ndinachita kumupatulira sefa ndi poto wakewake. Makolo anzanga amene mukukayikira matendawa, musamuletse mwana zakudya za tirigu asanayezedwe magazi, chifukwa zotsatira zikhoza kuonetsa kuti ali bwino pamene matendawo alipo.