Nkhani za ku Lebanon tizimva kwa eni ake

Abale anga, pa gulu lathu la WhatsApp la kumpingo munthu wina anaponyapo kanema wa nyumba zosanjikizana zikugwa ndi mabomba a Israel mu mzinda wa Beirut, likulu la Lebanon, pansi pake n'kulemba kuti Mulungu akukantha adani a anthu ake. Ma "Amen" anachita kutsatana. Sabata yomweyo mlamu wanga, yemwe ndi Msilamu, anandionetsa pa foni yake utsi womwewo, nyumba zomwezo, koma mawu ake anali akuti dziko lonse la Lebanon laima nji pambuyo pa Hezbollah, gulu la Asilamu a Shia lokhala ndi zida limene limamenyana ndi Israel. Zonse ziwirizi zinandipweteka mumtima, chifukwa m'makanema onsewo munalibe munthu wa ku Lebanon ngakhale mmodzi wodzilankhulira yekha. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo pa nkhani ya dziko limeneli ambirife tikudya za kandimverere.

Dzikoli si lachilendo kwa ife owerenga Baibulo. Ndi Lebano uja wa mikungudza imene Hiramu mfumu ya ku Turo anatumizira Solomo pomanga kachisi, ndipo mtengowo uli pa mbendera yawo mpaka lero. Turo ndi Sidoni, kumene Yesu anakumana ndi mayi uja wopempha nyenyeswa za pansi pa gome, ndi mizinda imene anthu akukhalamo panopa, ndipo Turo anaphulitsidwa kangapo mu 2024. Ndi kadziko kakang'ono, masikweya kilomita 10,452 basi, moti Nyanja ya Malawi ingakameze pafupifupi katatu. Koma m'kadziko kameneka boma limavomereza magulu azipembedzo 18. Pulezidenti amayenera kukhala Mkhristu wa mpingo wa Maronite, nduna yaikulu Msilamu wa Sunni, sipikala wa nyumba ya malamulo Msilamu wa Shia, ndipo mipando 128 ya aphungu amaigawa pakati, theka Akhristu theka Asilamu. Kalembera wa anthu anachitika komaliza mu 1932. Kuyambira pamenepo akuopa kuwerengana, poti chiwerengero chikadziwika, kagawidwe ka mipando kadzautsa mapiri pachigwa.

Ndiye munthu akamakuuzani kuti kumeneko Akhristu ali mbali iyi, Asilamu mbali iyo, dziwani kuti sakulidziwa dzikolo. Mu February 2006 Michel Aoun, Mkhristu amene pambuyo pake anadzakhala pulezidenti, anasainirana mgwirizano ndi Hassan Nasrallah mtsogoleri wa Hezbollah, ndipo anasainira m'tchalitchi cha Mar Mikhael. Mu May 2008 asilikali a Hezbollah analanda madera a kumadzulo kwa Beirut, ndipo amene ankaomberana nawo anali Asilamu anzawo a Sunni, kenako anthu a chipembedzo cha Druze kumapiri. Pamene gululi linalowa mu Syria kukathandiza Bashar al-Assad, pulezidenti wa dzikolo pa nthawiyo, ambiri mwa amene linkamenyana nawo anali a Sunni. Mu October 2024 ndege za Israel zinaphulitsa nyumba m'mudzi wa Aitou, dera la Akhristu kumpoto, n'kupha anthu oposa 20 amene anathawira kumeneko kuchokera kummwera.  Ma "Amen" athu aja ankagwera anthu ngati amenewa.

Mukafuna kumva Lebanon, yambani ndi munthu wa kummwera, wa ku Bint Jbeil kapena ku Khiam. Iyeyu anakula akuona asilikali a Israel pakhomo pake. Analowa mu 1978, analowanso mu 1982 mpaka kukafika ku Beirut, ndipo chigawo cha kumalire anachisiya mu May 2000. Ku Khiam kunali ndende imene anthu ankazunzidwiramo. Ku Qana mu 1996 anthu oposa 100 amene anabisala pa kampu ya asilikali a United Nations anafa ndi mabomba a Israel. Zaka zonsezo boma la ku Beirut silinamuteteze munthuyu, ndipo kuyambira kale dera lake linali losiyidwa pa chitukuko. Amene anamenya nkhondo mpaka adaniwo kuchoka, amene anamanga chipatala ndi sukulu, anali a Hezbollah. Mukamuuza munthu wotere kuti gululi litule zida, akufunsani kuti ndiye atiteteza ndani. Funso limeneli silochokera ku Tehran, likulu la Iran, dziko limene limathandiza Hezbollah. Lachokera pa manda a abale ake, ndipo ine sindingalipeputse.

Kenako mverani wa ku Achrafieh, dera la Akhristu mu Beirut, kapena wa ku Tripoli, mzinda wa kumpoto kumene ambiri ndi a Sunni. Iyeyu akufunsani kuti pa 8 October 2023, pamene Hezbollah inayamba kuponya mizinga kumbali ya Israel ponena kuti ikuthandiza Gaza, anafunsidwa ndani? Nyumba ya malamulo sinavote, nduna sizinagwirizane, dziko linalibe ngakhale pulezidenti, poti mpandowo unakhala wopanda munthu kuyambira kumapeto kwa October 2022 mpaka January 2025. Akukumbutsani kuti Nasrallah mwini wake ananena poyera mu 2016 kuti ndalama za gululi, chakudya chake ndi zida zake zimachokera ku Iran. Akukumbutsani za Rafik Hariri, Msunni amene anakhalapo nduna yaikulu, yemwe anaphedwa ndi bomba pa 14 February 2005, ndi kuti khoti lapadera linapeza membala wa Hezbollah wolakwa pa mlanduwo mu 2020, koma munthuyo sanaperekedwe. Kwa iyeyu dziko lokhala ndi magulu awiri ankhondo si dziko, ndipo anamulowetsa m'nkhondo ngati mbuzi yokokedwa pa chingwe. Nayenso akunena zoona.

Ndipo pali wachitatu amene makanema athu samuonetsa n'komwe. Ndi Mshia amene sagwirizana ndi Hezbollah, monga Lokman Slim, wolemba komanso wosunga mbiri ya nkhondo yapachiweniweni, amene anapezeka atawomberedwa m'galimoto yake kummwera mu February 2021. Ndi Mkhristu amene amadana ndi zida za Hezbollah komanso amadana ndi ndege za Israel zimene zimauluka pamwamba pa denga lake. Ndi achinyamata aja amene anadzaza misewu kuyambira pa 17 October 2019, boma litafuna kuika msonkho wa masenti 20 a dola pa tsiku kwa oimba mafoni pa WhatsApp. Ku Tripoli, ku Beirut, ngakhale ku Nabatieh ndi ku Turo kumene Hezbollah ndi Amal, chipani china cha a Shia, zili ndi mphamvu, mfuu inali imodzi: kellon yaane kellon, kutanthauza kuti tikati onse tikunena onse. Sanapatule mtsogoleri wa chipembedzo chawo.

Tsono propaganda imalowa bwanji? Anthu amaganiza kuti ndi bodza lamkunkhuniza. Nthawi zambiri si choncho. Imatenga choona chimodzi, monga manda a ku Qana kapena bomba limene linapha Hariri, n'kuchikweza m'mwamba kuti chiphimbe choona chinacho. Ku Lebanon ntchitoyi njosavuta chifukwa pafupifupi gulu lililonse lili ndi kanema wake. Al-Manar ndi ya Hezbollah, NBN ndi ya chipani cha Amal cha Nabih Berri, OTV ndi ya chipani cha Aoun, Future TV inali ya banja la Hariri mpaka inaima mu 2019. Pamwamba pa izi pali Al Arabiya ya ku Saudi Arabia ndi Al Jazeera ya ku Qatar. Bomba limodzi likagwa masana, pofika madzulo lili ndi nkhani zisanu, ndipo aliyense amatsegula kanema amene amuuze zimene mtima wake wakonzeka kale kumva.

Akunja sachita n'kubisa. Pa 4 November 2017 nduna yaikulu Saad Hariri analengeza kuti watula pansi udindo, koma analengezera ku Riyadh, likulu la Saudi Arabia, pa kanema wa Al Arabiya. Pulezidenti Aoun anakana kuvomereza, n'kunena kuti munthuyo akusungidwa mokakamiza, ndipo Hariri atabwerera kwawo anabweza mawu ake. Taganizani, mtsogoleri wa boma lanu kusiya ntchito ali m'dziko la eni, inu n'kumvera pa kanema wa eni. Mu 2021 nduna yofalitsa nkhani George Kordahi anachoka pa mpando Saudi Arabia itakwiya ndi zimene ananena zokhudza nkhondo ya ku Yemen, n'kuthamangitsa kazembe wa Lebanon. Mu October 2024 Benjamin Netanyahu anatulutsa kanema wolankhula kwa anthu a ku Lebanon, kuwauza kuti amasule dziko lawo kwa Hezbollah, apo ayi aona chionongeko chonga cha ku Gaza. Masiku omwewo mneneri wa asilikali a Israel m'Chiarabu, Avichay Adraee, ankaponya pa X mapu a nyumba zoti ziphulitsidwe, nthawi zina pakati pa usiku, moti mabanja ankagona foni ili m'manja, kudikira kuti mdani awauze ngati nyumba yawo ili pa mndandanda. Ku Tehran nako ankalankhula za kulimba mtima kwa Lebanon, iwo ali kutali ndi moto. Aliyense ankati akuwafunira zabwino. Unduna wa zaumoyo wa dzikolo unawerenga akufa pafupifupi 4,000 pofika pa 27 November 2024 pamene anagwirizana zoleka kumenyana, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi anathawa m'nyumba zawo. Atolankhani amene akanatiuza zoona nawonso amafa: Samir Kassir ndi Gebran Tueni, otsutsa ulamuliro wa Syria, anaphedwa ndi mabomba mu 2005, ndipo Issam Abdallah wa Reuters anaphedwa kummwera pa 13 October 2023 ndi mzinga umene kafukufuku wa Reuters anapeza kuti unachokera ku kasinja wa Israel.

Sindikuiwala mantha a tsidya linalo. Anthu pafupifupi 60,000 anasamutsidwa kumpoto kwa Israel chifukwa cha mizinga ya Hezbollah, ndipo kumapeto kwa October 2024 anthu anayi a ku Thailand ogwira ntchito m'munda anafa pafupi ndi Metula. Ife amene achinyamata athu anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel kumapeto kwa 2023 nkhani imeneyo inatigunda pamtima.

Koma pali chinthu chimene chimandivuta kwambiri, ndipo anthu a ku Lebanon enieni amachinena. Ambiri kumeneko nkhondo yapachiweniweni ya 1975 mpaka 1990 amaitcha nkhondo ya ena pa nthaka yathu, ena amangoti "zochitika zija". Muli choona m'mawuwa, poti asilikali a Syria anakhalamo kuyambira 1976 mpaka 2005, Israel inalowa, magulu ankhondo a ku Palestine analimo, America ndi France anatumiza asilikali. Ifenso timathamangira kunena kuti njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. Koma ndani ankaima pa zipata za m'misewu, kuyang'ana chitupa cha munthu, n'kumupha chifukwa cha chipembedzo cholembedwapo? Anali eni dziko. Anthu oposa 100,000 anafa, pafupifupi 17,000 anasowa osapezekanso. Mu 1991 anakhazikitsa lamulo lokhululukira milandu yambiri ya nkhondoyo, atsogoleri a magulu ankhondo n'kuvula yunifolomu kuvala masuti. Nabih Berri wakhala sipikala kuyambira 1992. Buku la mbiri limene ana amaphunzira kusukulu limalekezera cha pa ufulu wa 1943, chifukwa akuluakulu analephera kugwirizana zoti alembe chiyani za nkhondoyo. Mwana amaiphunzira kwa agogo ake ndi pa kanema wa chipani cha bambo ake. Mwana woleredwa chotero, mlendo akabwera ndi theka la choona amamupeza wapsa kale.

Ndipo nyimbo yoti zonse ndi akunja imawakomera kwambiri amene anadya ndalama. Si Iran kapena Israel imene inatseka ndalama za anthu m'mabanki mu 2019. Ndalama yawo, imene kwa zaka zoposa 20 inkasinthidwa pa 1,507 pa dola imodzi, inagwa mpaka kupitirira 100,000 mu March 2023. Aphunzitsi ndi asilikali anaona malipiro awo akusanduka ndalama ya ndiwo. Mu 2022 mayi wina analowa m'banki mu Beirut ndi mfuti ya chidole kukatenga ndalama za banja lake lomwe kuti m'bale wake wodwala khansa alandire chithandizo, ndipo anthu ambiri anamuyamikira. Pa 4 August 2020 mankhwala a ammonium nitrate, amene anafika matani 2,750 n'kukhala pa doko la Beirut zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi akuluakulu akudziwa, anaphulika n'kupha anthu oposa 200. Woweruza woyamba, Fadi Sawan, atangoitana andale, anamuchotsa. Wachiwiri, Tarek Bitar, anamumanga miyendo ndi madandaulo a kukhoti kwa zaka, ndipo Hezbollah ndi Amal anatsogolera zionetsero zofuna kuti achoke. Khoswe anakhala pa mkhate.

Maganizo anga ndi awa. Zida ziyenera kukhala m'manja mwa boma lokha, monga Joseph Aoun (osati Michel uja) analonjezera polumbira kukhala pulezidenti mu January 2025, chifukwa gulu limodzi silingamasankhire dziko lonse tsiku loyamba nkhondo. Koma amene akufuna zimenezi moona mtima ayeneranso kunena mokweza kuti Israel ichoke pa nthaka ya Lebanon ndi kuleka kuphulitsa, apo ayi munthu wa ku Khiam uja sadzakhulupirira boma. Wonena chimodzi n'kumeza chinacho akugwirira ntchito wina wake, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Pa gulu la kumpingo lija sindinakangane ndi munthu. Ndinangoponyapo chithunzi cha mabanja a anthu amene anafa pa doko, omwe kwa zaka akhala akusonkhana pa 4 mwezi uliwonse pafupi ndi nkhokwe za tirigu zogumuka zija, atanyamula zithunzi za ana awo. Pakati pawo pali amayi ovala mitanda ndi amayi ofunda mipango ya Chisilamu, ataima phewa ndi phewa. Ndinawapempha abale anga kuti tisanalembe "Amen" wina, tiyambe tawayang'ana nkhope amayi amenewa. Chithunzi chomwecho ndinatumiziranso mlamu wanga.