Denga la nyumba yaikulu: ife, a ku Zambia, a ku Mozambique ndi a ku South Africa timasiyana pati?

Mukaima pansi pa denga la nyumba yosungiramo katundu ku Kanengo, kenako mukaima pansi pa lina ku Lusaka kapena ku Beira, maso adzakuuzani kuti ndi chimodzimodzi: mizati yachitsulo, ma purlin (zitsulo zopingasa zomwe malata amakhomeredwapo), ndi malata a IBR (a nthiti zooneka ngati bokosi) ophimba mamilimita 686 m'lifupi lililonse. Ngakhale mipukutu ya chitsulo yomwe imapindidwa kukhala malatawo nthawi zambiri imachokera kumodzi, ku South Africa, Tanzania, Kenya, India kapena China. Kusiyana kuli pa zomwe mwini nyumba amalembetsa mu mgwirizano, zomwe amayeza malata akafika, ndi chomwe dziko lililonse limachiopa kwambiri.

Kuno ku Malawi, ngakhalenso ku Zambia, malonda ambiri a malata amayendera geji, nambala yoimira makulidwe a lata. Munthu amati “ndikufuna geji 28” ndipo amaona ngati wanena zonse. Koma geji ndi dzina chabe, ndipo makulidwe omwe ali pansi pa dzinalo amasiyana kwa wogulitsa uyu ndi uyo. Kawirikawiri lata la geji 28 silifika mamilimita 0.4. Pa nyumba yogona, pomwe matabwa ali pafupipafupi, limatha kupirira. Pa denga la fakitale, pomwe ma purlin atalikirana mita ndi theka kapena kuposa, mmisiri akangoponda lata lotere limapindika, ndipo popindikapo ndi pomwe madzi adzayambe kudikha.

A ku South Africa sanena geji pa ntchito yaikulu. Amalemba makulidwe m'mamilimita, monga 0.5 kapena 0.58, nanena ngati muyesowo ndi wa chitsulo chokha kapena waphatikiza chokutira choteteza dzimbiri. Amalembanso kulemera kwa chokutiracho. Z275 ikutanthauza magalamu 275 a zinc pa sikweya mita, mbali zonse ziwiri pamodzi. AZ150 ndi magalamu 150 a aluminium wosakaniza ndi zinc. Chizolowezi ichi n'choyenera kuchitengera lero lomwe, chifukwa sichilira ndalama. Malata akatsitsidwa mu lole, yezani angapo ndi micrometer (kachipangizo koyezera makulidwe), werengani zomwe zasindikizidwa kunsi kwa lata, ndipo funsani chikalata cha fakitale chosonyeza nambala ya mpukutu. Kontrakitala woona mtima sadandaula nazo.

Nanga chokutira chiti? Apa dziko lililonse lili ndi mdani wake. Ku Beira, Quelimane ndi Nacala mphepo imanyamula mchere wa m'nyanja, ndipo malata wamba amachita dzimbiri msanga. Kumeneko pamafunika AZ200 yopentedwa kapena aluminium, ndi masikuluu olimba ku dzimbiri kuposa omwe timagwiritsa ntchito kumtunda. Nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere, choncho hotela ya ku Mangochi kapena ku Salima sikufunika kulipira zonsezo, AZ150 imakwanira. Ku Copperbelt mdani ndi utsi wa sulphur wochokera m'ng'anjo zosungunulira kopa, womwe wadya malata a m'madera monga Kankoyo ku Mufulira. Ife mdani wathu wamkulu ali m'kati mwa nyumba: feteleza. Fumbi la feteleza likamatirira kunsi kwa lata n'kukumana ndi chinyezi cha usiku limadya chokutira ndi ma purlin omwe, kuyambira m'kati, pomwe kunja denga likuonekabe latsopano. Nyumba ya feteleza imafuna malata opentedwa mbali zonse, zitsulo zopakidwa utoto wokhuthala, ndi mpweya wodutsa bwino. M'makola a nkhuku ndi nkhumba nawonso malata a AZ sakhalitsa chifukwa cha mpweya wa ndowe, ndipo sagwirizana ndi simenti yaiwisi, kopa kapena mtovu.

Pa nkhani ya mphepo, aphunzitsi athu ndi a ku Mozambique, ndipo anaphunzira mowawa. Namondwe wa Idai anafika ku Beira mu Marichi 2019 ndi mphepo yopitirira makilomita 160 pa ola, nasasula madenga a masukulu, zipatala ndi nyumba zosungiramo katundu. Patangopita masabata asanu ndi limodzi, Kenneth anagunda Cabo Delgado. Zomwe zinaoneka ndi zomwe mainjiniya amanena nthawi zonse: mphepo sikankha denga pansi, imaliyamwira m'mwamba. Mphepo ya makilomita 144 pa ola imakoka ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 100 pa sikweya mita, pomwe lata lenilenilo limalemera makilogalamu asanu okha pa malo omwewo. M'makona ndi m'mphepete mwa denga mphamvuyo imawirikiza kawiri kapena kuposa. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Ndiye chitseko chachikulu cha nyumba yosungiramo katundu chikatseguka kapena kuthyoka kumbali yomwe mphepo ikuchokera, mpweya umadzaza m'kati n'kumakankha denga kuchokera pansi, kunja kukuyamwa.

N'chifukwa chake masukulu omangidwanso ku Mozambique motsata malangizo omwe boma linakonza ndi UN-Habitat, nthambi ya United Nations yoona za malo okhala, amaona denga ngati unyolo. Lata limangidwe ku purlin, purlin ku truss (chimango chonyamula denga), truss ku ring beam (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa khoma), ndipo ring beam ilumikizane ndi mizati mpaka ku maziko. Mfundo imodzi ikafooka, denga lonse lapita. Amafupikitsa denga lotulukira kunja kwa khoma, amachulukitsa ma purlin ndi masikuluu m'mphepete, ndipo amakonda denga lotsetsereka mbali zonse zinayi kusiyana ndi la mbali ziwiri.

Kuno timati namondwe akamafika amakhala atafooka, ndipo n'zoona kuti Freddy mu Marichi 2023 anawononga kwambiri ndi madzi ndi matope ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Koma madenga athu ambiri samachotsedwa ndi namondwe wokhala ndi dzina. Amachotsedwa ndi mphepo ya mkuntho yobwera ndi mvula yoyamba, mu Novembala ndi Disembala, ya mphindi zochepa chabe. Mukayang'ana denga la tchalitchi kapena la holo ya sukulu lomwe lagwera m'munda, nthawi zambiri malata amakhala adakali okhomereka ku matabwa awo. Chomwe chinaduka ndi waya wopyapyala yemwe anamangira truss ku njerwa ziwiri zapamwamba. Pamafunika lamba wachitsulo kapena bawuti yozikika mu ring beam, pa truss iliyonse, osadumpha.

Zambia ili ngati ife, yopanda doko, koma migodi ndi minda ikuluikulu ya ku Mkushi ndi Chisamba yazoloweretsa anthu kumanga mashedi a zitsulo zokhazokha. Ife timadalirabe kwambiri ma truss a matabwa a paini, ngakhale pa nyumba yotambalala. Matabwa si oipa, koma akadutsa mamita khumi popanda mzati pakati, achite kuwerengeredwa ndi injiniya, osati kungotengera denga la nyumba yoyandikana nayo. Thabwa laliwisi limauma lili padenga, limapotoka, misomali n'kukhwefuka. Losathiridwa mankhwala ndi chakudya cha chiswe. Lothiridwa mankhwala okhala ndi kopa limadya masikuluu wamba ndi lata lokhudzana nalo, choncho pakati pake pamafunika chotchinga.

Kutsetsereka kwa denga ndi pomwe eni nyumba amakonda kupulumutsira ndalama, chifukwa denga lathyathyathya limachepetsa zitsulo ndi njerwa. IBR imafuna madigiri osachepera 5, malata a mizeremizere akale aja amafuna oposa apo. Pansi pa madigiri 5 madzi a mvula yamphamvu amadzaza ngalande za lata n'kukwera polumikizira. Masitolo akuluakulu a ku South Africa, ndipo tsopano ambiri a ku Lusaka ndi ku Lilongwe, amagwiritsa ntchito malata osaboola, monga Klip-Lok kapena Saflok, omwe amakanikizidwa pa tizitsulo tomangidwa ku purlin. Amenewa amalola madigiri awiri kapena atatu, ndipo makina opindira amabwera pamalo pomwepo, kotero lata limodzi limayenda kuchokera pamsana pa denga mpaka kumapeto popanda cholumikizira. Ubwino wina ndi wa kutentha. Lata la mamita 30 likatentha ndi madigiri 50 kuchokera m'mamawa kufika masana limatalika mamilimita 18. Ku Tete, ku Chikwawa ndi ku Nsanje zimenezi zimachitika pafupifupi tsiku lililonse la chilimwe. Lata lalitali loboola limakulitsa mabowo pang'onopang'ono mpaka washala n'kusiya kutseka, pomwe losaboola limatsetsereka pa tizitsulo take. Koma likaikidwa ndi anthu osaphunzitsidwa, tizitsulo tikapanda kukhala pa mzere umodzi, silikola bwino ndipo mphepo imalivundukula lonse nthawi imodzi.

Gutter (ngalande yolandira madzi a padenga) ya pakati pa madenga awiri ndiyo imadontheza nyumba zazikulu zambiri, m'maiko onsewa. Werengani: mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 2,000 pa mvula ya mamilimita 100 pa ola limatsitsa malita oposa 55 pa sekondi. Mapaipi awiri a mamilimita 110 kumapeto sangamwe madzi amenewo. Gutter yotere ikhale yotambalala mamilimita osachepera 300 kuti munthu athe kuyendamo posesa, ikhale yotsetsereka, ndipo ikhale ndi potulukira pena pamwamba, potayira madzi kunja kwa khoma mapaipi akatsekeka ndi masamba kapena majumbo. Pulani yojambulidwira ku Johannesburg isangotengedwa momwe ilili n'kukamangira ku Mulanje kapena ku Nkhata Bay, komwe mvula ndi yochuluka kwambiri.

Madenga a konkire, omwe ndi ambiri m'mizinda ya ku Mozambique kusiyana ndi kuno, ali ndi lamulo lawo lalifupi: pakhale kutsetsereka kwa 1 pa 80 kulozera ku mapaipi, phula lowotchera la mamilimita anayi likwere khoma mamilimita osachepera 150, ndipo lipakidwe utoto wasiliva zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse kuti dzuwa lisalisweswe. Pa nyumba zakale za madenga a asbestos, South Africa inaletsa asbestos mu 2008 ndipo Mozambique mu 2010. Lata lotere musalidule ndi makina kapena kulipala louma. Fumbi lake limawononga mapapo.

Za makontrakitala, dziko lililonse lili ndi kaundula. Kuno bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 ndipo makampani amaikidwa m'magulu molingana ndi kukula kwa ntchito. Ku Zambia kuli bungwe lotere la NCC, la magiredi 1 mpaka 6, ndipo giredi 1 ndiyo yapamwamba. Ku South Africa bungwe la CIDB lili ndi magiredi 1 mpaka 9, yapamwamba ndi 9. Ku Mozambique kontrakitala amayenera kukhala ndi chiphaso chotchedwa alvará. Samalani poyerekeza, chifukwa “giredi 1” ya ku Lusaka ndi ya ku Durban n'zosiyana ngati usiku ndi usana. Ndipo chiphaso ndi cha kampani yaikulu, pomwe okwera padenga kawirikawiri ndi gulu lina lomwe lapatsidwa ganyu. Apa a ku South Africa anatipitirira: opanga malata osaboola amakhala ndi amisiri omwe anawaphunzitsa ndi kuwavomereza, ndipo chitsimikizo cha malata chimadalira kuti aika ndani komanso nyumba ili kutali bwanji ndi nyanja. Malamulo a zomangamanga a ku South Africa a 2014 amafunanso dongosolo lolembedwa loteteza anthu kugwa. Pa denga lokwera mamita asanu ndi atatu kuchokera pansi, lamba wachitetezo ndi chingwe chokolekapo ziyenera kulowa mu mtengo wa ntchito, ndipo malata oonekera olowetsa kuwala asapondedwe n'komwe.

Vuto lathu lapadera ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mipukutu yodzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam inasintha ntchito zili pakati. Kontrakitala wopanikizika amayesedwa kuti amalize theka lotsala ndi malata opyapyala a mtundu womwewo. Njira yake ndi kugula malata onse, masikuluu ndi ma flashing (timalata totsekera m'mphepete ndi polumikizira) nthawi imodzi, kulipira katundu atafika ndi kuyezedwa, n'kumusunga motsamira pamalo ouma, chifukwa mulu wa malata ukalowa madzi umachita mawanga oyera usanakwere n'komwe.

Polandira ntchito kwerani nokha kapena tumani injiniya. Sikuluu ikhale pamwamba pa nthiti ya lata, yoongoka, washala wa labala atafinyika pang'ono koma osaphwanyika. Polumikizira m'mbali pakhale masikuluu pa mamilimita 500 mpaka 600 aliwonse. Pomwe lata ladulidwa ndi gilayinda pamaoneka popserera, ndipo dzimbiri lidzayambira pamenepo. Malata amadulidwa ndi sizasi ya malata. Nyenyeswa zachitsulo zotsala poboola zisesedwe tsiku lomwelo, apo ayi mame a usiku umodzi amazisandutsa madontho ofiira pa penti. Ndipo onetsetsani nthawi yomwe mukusunga 5 kapena 10 peresenti ya malipiro a kontrakitala ngati chikole. Nyumba yomalizidwa mu Meyi, yokhala ndi miyezi isanu ndi umodzi yokonzera zolakwika, imatuluka m'manja mwa kontrakitala mu Novembala, mvula yeniyeni isanaliyese denga. Lembani miyezi 12, kuti Januwale ndi Febuluwale adutsepo ndalamayo idakali kwa inu.