Florida State ya 2023 anailakwira

Amene mumatsata mpira wa ku America wa m'mayunivesite, uja amathamanga nawo m'manja atavala zipewa zolimba, nkhani ya Florida State ya chaka cha 2023 mukuikumbukira. Anyamata a mphunzitsi Mike Norvell anasewera masewero 13, n'kupambana onsewo, n'kutenganso chikho cha ligi yawo ya ACC. Koma pa 3 Disembala, komiti yosankha matimu anayi okalimbirana ukatswiri wa dziko lonse itatulutsa mayina, munali Michigan, Washington, Texas ndi Alabama. Florida State anaiika pa nambala 5. Chiyambireni mpikisano umenewu wa College Football Playoff mu 2014, zinali zisanachitikepo kuti timu yosagonjako, yomwe yatenganso chikho cha imodzi mwa maligi akuluakulu asanu, itsekeredwe kunja. Ine mpaka lero zimandipweteka, ndipo ndikuti anyamata aja anawalakwira.

Kwa anzanga amene simuutsata mpirawu, kumeneko kulibe tebulo limodzi la mapointi ngati lomwe tinazolowera pa mpira wamiyendo. Matimu a m'gawo lapamwamba ndi oposa 130, sangakumane onse. Ndiye anthu 13 amakhala pansi m'chipinda n'kugwirizana kuti woyamba ndi uyu, wachiwiri ndi uyu. Tangoganizani timu yanu yapambana masewero onse a ligi, kenako akuluakulu akubwera n'kuti chikho tikupatsa ena chifukwa womwetsa zigoli wanu wavulala. Zomwe zinachitikazo n'zimenezo.

Wovulalayo anali Jordan Travis, quarterback wawo, amene mpira uliwonse woukira umayambira m'manja mwake. Pa 18 Novembala, pabwalo lawo la Doak Campbell ku Tallahassee, akusewera ndi North Alabama, anathamanga ndi mpira, atamugwetsa mwendo wakumanzere unapindikira pansi n'kuthyoka. Anamutulutsa pa kagalimoto, bwalo lonse lili zii. Linali tsiku lotsanzikana ndi osewera omaliza sukulu, iyeyo ali mmodzi mwa iwo.

Tsopano taonani zomwe anzake anachita atatsala okha, chifukwa mtima wa nkhaniyi uli pamenepa. Sabata yotsatira anapita ku Gainesville, kwa adani awo akalekale a University of Florida, ndi quarterback wachiwiri Tate Rodemaker. Anayamba ndi kutsalira, koma anatulukako atapambana 24-15. Rodemaker naye anagundidwa m'mutu pa sewero lomwelo, moti pa fainolo ya ACC yolimbana ndi Louisville ku Charlotte analowetsa wachitatu, Brock Glenn, kamnyamata ka chaka choyamba. Sindibisa, Glenn anavutika, mipira yake yambiri sinkafika kwa anzake. Koma otchinga kumbuyo anati lero ndi lathu. Jared Verse ndi Braden Fiske sanam'patse mpata wopuma quarterback wa Louisville, ankangomugwetsa mpira uli m'manja. Louisville itafika pakhomo penipeni pa kotala yomaliza, Tatum Bethune anawakha mpira wawo m'kati mwa end zone, chigawo cha kumapeto kwa bwalo komwe amagoletsera. Mbali ya kutsogolo, poona kuti kuponya kwakanika, anayamba kupereka mpira mwachindunji kwa Lawrance Toafili, amene anathamanga mayadi oposa 70 n'kudzamalizitsa yekha touchdown, chigoli chofikitsa mpira mu end zone. Zinathera 16-6. Louisville, timu yomwe inapambana masewero 10 chaka chimenecho, sinapeze touchdown ngakhale imodzi.

Komiti inaona zonsezi, koma wapampando wake Boo Corrigan anauza dziko kuti Florida State yopanda Travis ndi timu ina, si ija ya masabata 11 oyambirira. N'zoona kuti malamulo awo amawalola kuganizira za osewera ofunikira amene avulala. Koma lamulo likamaloleza chinthu sindiye kuti chinthucho n'chilungamo. Apa anasiya kuweruza zomwe zinachitika pabwalo, n'kuyamba kulosera zomwe zikanachitika mu Januwale. Ndipo polosera chonchi anauza osewera ena onse aja, otchinga kumbuyo, othamanga ndi mpira, zimphona za pamzere wakutsogolo zomwe palibe amazitchula dzina, kuti thukuta lawo lonse silifika pa mwendo wa munthu mmodzi. Travis mwiniwake analemba pa X tsiku lomwelo kuti akanakonda mwendo wake ukanathyoka kumayambiriro kwa chaka, kuti anthu aone kuti timuyi ndi yoposa quarterback. Mwana wa munthu kufika polakalaka zimenezo, abale, ine zinandikhudza kwambiri.

Kulosera kotereku kunalakwikapo kale. Mu 2014 Ohio State inataya ma quarterback awiri, komiti n'kuilowetsabe ndi wachitatu, Cardale Jones. Inagonjetsa Alabama, inagonjetsa Oregon, n'kutenga chikho. Ena amati Ohio State ija inaonetsa mphamvu poswa Wisconsin 59-0, pomwe Florida State inapambana mokwawa. Chabwino, koma ngati tikuyeza kukongola kwa kapambanidwe, tiyeze onse. Alabama inagonja pakhomo pake 34-24 kwa Texas mu Seputembala. Sabata imodzi isanakumane ndi Georgia pa fainolo ya ligi yawo ya SEC, inapulumukira mkamwa mwa mbuzi kwa Auburn, pa mpira wa mayadi 31 m'masekondi omaliza, Auburn yomwe inali itangochititsidwa manyazi ndi New Mexico State. Sindikunyoza Alabama, kugonjetsa Georgia 27-24 sichinali chinthu chamasewera. Koma iwo kupambana movutikira kunatchedwa kulimba mtima, kwa Florida State n'kutchedwa kufooka. Florida State yomweyo inali itakwapula LSU, ya ligi ya SEC imodzimodzi ndi Alabama, 45-24 pa sewero loyamba, n'kukapambananso 31-24 kwawo kwa Clemson.

Ndikudziwa chomwe ambiri muthamangire kulemba m'munsimu: 63-3. Inde, pa 30 Disembala Georgia inasambitsa Florida State chokweza pa Orange Bowl, sewero lotsekera chaka lomwe linali kunja kwa playoff. Koma amene anavala yunifomu tsiku limenelo sanali timu ija ya masewero 13. Osewera ambiri odalirika anali atachoka, ena kukakonzekera kulowa NFL, ligi yaikulu ya osewera olipidwa, ena kusamukira ku masukulu ena, Rodemaker yemwe anali atanyamuka. Mungawadzudzule kuti akanatsala, ndipo mbali ina ndikumvetsa. Koma mnyamata amene anaona ndi maso ake mwendo wa mnzake ukuthyoka, kenako n'kuuzidwa kuti kupambana kwake konse kulibe ntchito, mungamuuze bwanji kuti aike thupi lake pachiswe pa sewero lopanda chikho? Kugonja kumene kuja kunabadwa ndi chigamulo cha komiti, ndiye sikungakhalenso umboni woti komitiyo inalondola.

Kuyambira 2024 matimu olowa mu playoff anakhala 12, ndipo akatswiri a maligi akuluakulu anayamba kukhala ndi malo awoawo. N'zabwino, koma kwa gulu lija zinabwera madzi atafika kale m'khosi. Verse ndi Fiske anapita ku Los Angeles Rams. Travis anatengedwa ndi New York Jets, koma mwendo uja sunachire bwino, ndipo mu 2025 anasiya mpira asanasewereko sewero ngakhale limodzi la NFL. Florida State ya 2024 inapambana awiri okha n'kugonja 10. Mwayi wa gulu lija unali umodzi wokha, wa Disembala 2023.

Mwina Michigan ikanawagonjetsa, pajatu inagonjetsa Alabama 27-20 n'kudzatenga chikho pomenya Washington. Zikanatero ine sindikanadandaula, chifukwa akanagonjera pabwalo, anthu akuona. Amene mukuti komiti inachita bwino, ndiuzeni sewero limodzi lokha lomwe anyamata aja anapatsidwa isanafike 3 Disembala n'kulephera kupambana.