Musanaponye tokeni yanu pa blockchain, tiuzeni pokatengera kwacha yathu

Achinyamata a makompyuta kuno ku Lusaka agwidwa ndi malungo atsopano. Uyu akufuna kutulutsa stablecoin ya kwacha (tokeni, kapena kuti ndalama ya pakompyuta, yomwe mtengo wake amati udzakhala wokhazikika pa kwacha imodzi), uyo tokeni ya mkuwa, winayo ya mapuloti a ku Chongwe. Sindikuwanyoza ayi. Ambiri mwa iwo mitu yawo imagwira, ndipo zimandikomera kuona mwana wokulira ku Chawama akulemba pulogalamu yoti anthu a ku Lagos ndi ku Dubai agwiritse ntchito. Chondivuta ine ndi pomwe amayambira akamakonza mapulani. Amakangana usiku wonse kuti tokeni ikhale pa Ethereum, pa Tron, pa Solana kapena pa Base (awa ndi manetiweki a blockchain, kaundula wa pa intaneti wolemba kuti wakuti ali ndi matokeni angati), kenako chizindikiro chake, kenako tsiku lokhazikitsa ndi hotelo yochitira mwambowo. Za amene adzasunge kwacha yeniyeniyo, ndi momwe mayi wa salaula ku Soweto adzaitengere m'manja akaifuna, amaziponya kutsamba lomaliza. Tsamba limenelo ndiye liyenera kukhala loyamba, ndipo ngati silinalembedwe, zina zonsezo zidikire.

Kuyika tokeni pa blockchain masiku ano ndi ntchito ya tsiku limodzi. ERC-20, ndondomeko yopangira matokeni pa Ethereum, ilipo kuyambira 2015, ndipo a kampani ya OpenZeppelin analemba kale makontirakiti, timapulogalamu toyendetsa tokeni, oti aliyense akopere mwaulere. Wodziwa ntchito akakhala pansi m'mawa, dzuwa lisanafike paliwombo tokeni ili pa netiweki yoyeserera ya Sepolia, madzulo ili pa netiweki yeniyeni. Koma stablecoin ndi ngongole. Woitulutsa akulonjeza kuti aliyense wogwira tokeni imodzi ali ndi kwacha imodzi kwa iye, ndipo tsiku lililonse lomwe angabwere adzapatsidwa. Kontirakiti imangowerengera kuti wakuti ali ndi zingati. Kulowa m'banki n'kukatapa kwacha siingathe, amakatapa ndi munthu.

Chodabwitsa n'chakuti ife a ku Zambia nkhaniyi timaidziwa kuposa azungu ambiri olemba za crypto. Nambala yomwe umaona pa Airtel Money kapena pa MoMo ya MTN nayonso ndi lonjezo lomwelo, ndipo malamulo a Bank of Zambia amalamula kuti ndalama zofanana nayo zikhale mu akaunti yapadera kubanki, yosasakanikirana ndi ndalama zoyendetsera kampani. Pamwamba pa zimenezo pali timabuthi pakona iliyonse, ku Kamwala, ku Mtendere, ku Matero. Komabe pitani pa buthi kumapeto kwa mwezi cha m'ma 17 koloko. Mtsikana ali mkati, kope lake lolembamo manambala lili pamiyendo, mafoni atatu atawamanga ndi labala, akufunsa asanadzutse n'komwe mutu kuti, "Mutapa zingati, ankolo?" Ukati K3,000 amatsegula kachikwama ka m'chiuno, n'kuwerenga ndi chala, n'kupukusa mutu. "Kashi yachepa, yesani apo." Apo nawonso akuuza kuti dikirani abwana apita kukatenga. Awa ndi makampani a maejenti miyandamiyanda, a zaka zambiri pantchitoyi, ndipo kashi imawatherabe pa buthi. Nanga inu a tokeni yatsopano, ejenti wanu ndani? Adzadula zingati? Munthu akabweza tokeni Lachisanu madzulo, kwacha yake idzafika Lachisanu lomwelo kapena Lachiwiri? Ngati yankho ndi lakuti anthu azidzagulitsana okhaokha, munthu ndi mnzake (P2P), ndiye kuti mtengo wa tokeni yanu udzakhala womwe wogula wa tsikulo wanena, ndipo mawu akuti "yokhazikika" muwachotse pachikwangwani.

Za stablecoin ya dola yotchedwa TerraUSD ambiri anamva. Inalibe ndalama kumbuyo, inkadalira tokeni inzake ya Luna, ndipo mu Meyi 2022 zonse ziwiri zinagwa m'masiku ochepa, chuma cha madola pafupifupi 40 biliyoni n'kusungunuka. Imeneyo sindichedwapo, chifukwa palibe wanzeru amene akufuna kuibwereza. Yomwe ndimafuna anyamata athu aiwerenge bwino ndi ya USDC, stablecoin inanso ya dola. Iyo inali ndi madola enieni, kampani ya Circle yomwe imaitulutsa siinanamize munthu. Koma madola 3.3 biliyoni mwa iwo anali ku Silicon Valley Bank, yomwe inatsekedwa Lachisanu pa 10 Malichi 2023. Loweruka ndi Lamlungu mabanki anali otseka pomwe blockchain inali maso, anthu anagulitsa mwamantha, ndipo tokeni ya dola imodzi inatsika pansi pa masenti 90. Inabwerera pokhapokha boma la America litanena kuti onse osunga ndalama m'bankiyo adzalipidwa. Ife pano mabanki kugwa si nthano. Akuluakulu akukumbukira Meridien BIAO mu 1995, ndipo mu Epulo 2024 Bank of Zambia inalanda Investrust italephera kuima payokha. Choncho kungonena kuti "ndalama zili kubanki" sikokwanira. Tiuzeni banki yake, tiuzeni ngati mwazigawa m'mabanki angapo, ndi dzina lomwe lalembedwa pa akauntiyo.

Pali nyambo ina yomwe sakonda kuitchula pagulu. Kwacha ya anthu ikachuluka mu akaunti, mtima umati tigulire ma Treasury bill, mapepala obwereketsera boma ndalama, tidye chiwongoladzanja. Si tchimo, ndi momwe Tether, mwini wa stablecoin ya USDT, ndi Circle amapangira phindu lawo ndi ma bill a ku America. Koma athu amakhwima pa masiku 91, 182, 273 kapena 364, pomwe anthu mphekesera ikawafika pa WhatsApp amabwera onse tsiku limodzi. Gawo lomwe lidzakhale kashi yotapika nthawi yomweyo lilembedwe poyera, ndipo owerengera ndalama ochokera kunja kwa kampani azitsimikiza mwezi ndi mwezi. Tether inalipitsidwa madola 41 miliyoni ndi CFTC, bungwe la boma la America loyang'anira misika, mu Okutobala 2021 chifukwa chonena kuti tokeni iliyonse ili ndi dola yake pomwe nthawi zina sizinali choncho. Lamulo la GENIUS Act lomwe America inakhazikitsa mu Julayi 2025 likufuna dola pa dola ndi lipoti la mwezi uliwonse. Sitifunika kudikira kuti aphungu athu ku Manda Hill alembe lawo kuti tichite zoonekeratu ngati zimenezi.

Tsopano za makiyi, pomwe ndimaona kuti timasewera kwambiri. Mu kontirakiti ya stablecoin muli mphamvu yopanga matokeni atsopano, yowawotcha, yoimitsa zonse, yotseka waleti (mosungira matokeni) ya munthu, mwinanso yosintha kontirakitiyo. Mphamvu zonsezi zimakhala pa kiyi, nambala yachinsinsi yolamulira kontirakitiyo. Nthawi zambiri kiyiyo ili pa laputopu ya mnyamata mmodzi, yomweyo yomwe amaonera mpira ndi kukwera nayo minibasi ya ku Kalingalinga. Amayi a village banking anatipambana kalekale. Bokosi lawo lachitsulo limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, bokosilo n'kumagona kwa wachinayi, ndipo limatsegulidwa gulu lonse likuona. Multisig ndi yomweyo, kungoti ya pakompyuta: mwa anthu asanu, atatu avomere kaye chinthu chisanachitike. Asanuwo asakhale a nyumba imodzi, kapena bwana ndi antchito ake omwe sangamukanire. Ndipo ganizirani za maliro, pakuti kwathu kuno munthu akamwalira foni ndi laputopu zimayamba kusowa mtembo usanatuluke m'nyumba.

Wina anena kuti ndikukokomeza. Mu Julayi 2019 Tether inafuna kupanga matokeni 50 miliyoni, n'kupanga 5 biliyoni chifukwa chosokoneza madesimo, kenako n'kuwawotcha mwachangu. Mu Okutobala 2025 kampani ya Paxos inapanga mwangozi stablecoin ya dola ya PYUSD yokwana 300 thiriliyoni, ndalama zoposa chuma cha dziko lonse lapansi, n'kuiwotcha ola lisanathe. Mu Novembala 2017 munthu wina anakhudza pomwe sankayenera kukhudza mu kontirakiti ya kampani ya Parity, ETH (ndalama ya pa Ethereum) yoposa 500,000 n'kutsekeka mpaka lero. Makampani onsewa anali ndi akatswiri olipidwa bwino. Nkhani ya madesimoyi musaipeputse: USDC ndi USDT pa Ethereum zili ndi 6, matokeni ena ambiri ali ndi 18, kwacha yathu ili ndi ngwee za malo awiri basi. Pulogalamu yolumikiza zitatuzi ikaphonya ziro mmodzi, wina walemera kapena walira. Ikani malire a matokeni opangika pa tsiku, ikani nthawi yodikira kusintha kulikonse kusanagwire ntchito kuti anthu aone n'kutuluka ngati sakufuna, ndipo lipirani akatswiri ena aunike kontirakitiyo ngakhale ndalama yake iwawe.

Mphamvu yotseka waleti nayo muinene poyera. Tether ndi Circle amatseka mawaleti akalamulidwa ndi aboma, ndipo inunso a Financial Intelligence Centre kapena a Drug Enforcement Commission akadzagogoda mudzatseka. Ine ndilibe nazo vuto, bola musamauze anthu pamisonkhano kuti iyi ndi ndalama yomwe palibe angaigwire.

Funso la netiweki, lomwe limadya nthawi yonse ija, kwa ine ndi lalifupi. Yambani ndi imodzi. Kufalitsa tokeni pa manetiweki asanu tsiku loyamba kumafuna milatho, mapulogalamu owolotsa tokeni kuchoka pa netiweki ina kupita pa inzake, ndipo milatho ndi pomwe mbava zakhala zikudyera: mlatho wa Wormhole unaberedwa madola oposa 300 miliyoni mu Febuluwale 2022, Ronin oposa 600 miliyoni mwezi wotsatira. Sankhani poyang'ana wogwiritsa ntchito. Kuti atumize tokeni yanu ayenera kulipira gas, chindapusa cha netiweki, mu ETH kapena TRX (ndalama ya pa Tron), zomwe alibe ndipo sadziwa kogula, choncho konzani zoti muzimulipirira inu n'kudula pang'ono mu kwacha. Akasankha netiweki yolakwika potumiza, nthawi zambiri ndalama yapita osabwerera, ndiye pulogalamu yanu isamupatse n'komwe mpata wolakwitsa. Kumbukiraninso 2024, chilala chitaphwetsa Kariba, malaiti akumazima pafupifupi tsiku lonse, netiweki ya mafoni n'kumagwagwa. Anthu ambiri kumakomboni ndi kumidzi akadali pa timafoni ta mabatani, amatumiza ndalama pa USSD. Tokeni yofuna foni yamakono, bandulo ndi mawu achinsinsi 12 osunga papepala yasiya kale kunja anthu omwe mukuti mukuwathandiza.

Ndiye tifunsane moona mtima kuti tokeni ya kwacha ikuthetsa vuto lanji lomwe mobile money yalephera. Nigeria inatulutsa eNaira, ndalama yake ya pakompyuta, mu Okutobala 2021, boma lenilenilo lili kumbuyo kwake, koma anthu sanaithamangire, chifukwa zomwe inkachita anali akuchita kale ndi njira zina. Ochita malonda athu okaoda katundu kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam kudzera pa Nakonde, kapena ku Guangzhou, akufuna dola, ndipo ena a iwo USDT anaipeza kale okha popanda wowaphunzitsa. Ngakhale iwowo 2025 inawaonetsa china: dola inapitirira K28 kumayambiriro kwa chaka, pofika pakati pa chaka inali pansi pa K24. Wosunga USDT koma lendi ndi fizi ya ana akulipira mu kwacha anaona yekha kuti chokhazikika ku New York chimagwedezeka ku Lusaka. Pomwe ine ndikuona mpata weniweni ndi pamalire. Munthu wa ku Chipata wofuna kulipira mnzake wa ku Mchinji kapena Lilongwe, kwacha ziwiri zosiyana, amadalirabe osintha ndalama a pa Mwami. Wokonza njira yoti malipiro amenewo adutse mwachangu, motchipa komanso mwalamulo mbali zonse ziwiri, ameneyo ndimumvetsera. Koma apanso ntchito yaikulu ili pa kupeza wopereka kashi tsidya linalo.

Matokeni a malo, a chimanga ndi a mkuwa ndiye amandiopsa kuposa. Tokeni ya puloti siikupatsa taitolo. Mkangano ukabuka, khoti lidzayang'ana dzina lomwe lili ku Ministry of Lands, ndipo ngati ndi malo a mfumu nkhani yake ndi inanso. Tokeni ya matumba a chimanga ifunika nkhokwe yodziwika, woyang'anira wake, inshuwalansi, ndi woyankha anankafumbwe akalowa. Ndipo mukangolonjeza anthu phindu pa tokeni, mwalowa m'bwalo la Securities and Exchange Commission, kaya mwaitcha dzina lanji. Bank of Zambia inanena kale mu 2018 kuti ma cryptocurrency si ndalama yovomerezeka yolipirira m'dziko muno, koma ilinso ndi sandbox yoyeseramo njira zatsopano za malipiro iwo akuyang'anira. Pitani mukagogode ku likulu lawo pa Cairo Road musanatulutse kanthu. Kupepesa pambuyo kumagwira pa zinthu zina, pa ndalama za anthu kumathera ku khoti.

Chomwe ndingakonde kuona gulu limodzi likuchita ndi ichi. Lisanalengeze kalikonse pa Facebook, litenge amalonda 20 a mumsika umodzi, liike K50,000 mu akaunti yapadera yoyang'aniridwa ndi loya kapena banki, liwapatse matokeni agwiritse ntchito mwezi wathunthu. Kenako tsiku lina Loweruka masana, mosachenjeza ogwira ntchito, onse 20 auzidwe kuti abweze matokeni awo nthawi imodzi, wina ali ndi wotchi m'manja kuwerenga kuti womaliza walandira kwacha yake nthawi yanji. Sabata yotsatira ayesenso, koma ulendo uno mmodzi mwa osunga makiyi foni yake ikhale yozima, ndipo mwini kampani akhale ali pa basi ya ku Lundazi.