Bowa amadziwika pomwe wamera, osati mumphika

Mvula ikakhazikika, madengu a bowa amayamba kuoneka m'mbali mwa msewu ku Dedza, ku Machinga ndi kufupi ndi nkhalango ya Perekezi ku Mzimba. Abale anga, maganizo anga ndi akuti tisiye kuyesa bowa ali kale mumphika. Zoti muponyemo supuni muone ngati ida, zoti bowa wodyedwa ndi nkhono kapena tizilombo ndi wabwino, zoti mukawiritsa n'kutaya madzi ndiye kuti poizoni watha, zonsezi n'zabodza ndipo zimapha anthu. Bowa amadziwika ndi malo amene wamera komanso tsinde lake.

Utale, nyonzwe ndi manda ndi bowa wa chiswe. Utale ndi nyonzwe amachokera pa chisa cha chiswe pansi pa nthaka, n'chifukwa chake mukamazula mumapeza kamuzu kataliatali. Manda ndi ting'onoting'ono, timamera gulu pa dothi limene chiswe chatulutsa. Ndelema, manyame ndi chipindi ndi a m'miombo, amakhala limodzi ndi mizu ya mombo, mchenga ndi msuku. Mtengo umawapatsa chakudya, iwo amauthandiza kuyamwa madzi. N'chifukwa chake salimidwa, ndipo pamene miombo yathera m'makala bowayu sabweranso. Wa chiswe ndi amene amayamba kutuluka ndi mvula zoyamba, manyame amachuluka cha mu Januwale ndi Febuluwale.

Pa ndelema ndi pamene pamandidetsa nkhawa. Ali ndi mnzake wakupha wofanana naye kwambiri, amene dzina lake la sayansi ndi Amanita phalloides. Anabwera kum'mwera kwa Africa kuno ndi mitengo yachilendo, ndipo amakonda pansi pa paini ndi oak. Onse awiri ndi oyera kunsi kwa chipewa, onse ali ndi kansalu kozungulira tsinde, onse ali ndi kathumba pansi pa tsinde. Ndelema wokula ali ndi timizere tosanjikana m'mphepete mwa chipewa, pakati ndi poderako, m'mbali moyera. Wakuphayo m'mphepete mwake ndi mosalala ndipo chipewa chimapita kobiriwira. Koma mvula imasukulutsa mtundu, choncho musadalire chizindikiro chimodzi. Wooneka ngati ndelema koma wamera m'paini, musiyeni. Amene adakali ngati dzira, asanatambasuke, musiyeninso, chifukwa pa msinkhu umenewo ngakhale agogo odziwa angasokonezeke. Abale athu a ku Zimbabwe, ku Joni ndi ku Britain, izi zikukhudzani kwambiri, chifukwa bowa wofanana ndi wa kumudzi amene mwamuona m'paki si wa kumudzi ayi.

Palinso wina wapoizoni, wamkulu woyera wa mamba pamwamba, amamera pa kapinga ndi m'mbali mwa khola. Akakula kunsi kwake kumabiriwira. Dulani chipewa, muchivundikire pa pepala loyera usiku wonse. Fumbi likatsala lobiriwira, tayani.

Pozula, pitani m'mamawa patatha masiku awiri kapena atatu mvula yabwino itagwa. Lowetsani kamtengo kosongoka pansi mutukule bowa yense ndi kathumba kake, osadula pakati pa tsinde, chifukwa mukasiya pansipo mwasiya umboni. Kwirirani dzenjelo ndi masamba. Nyamulani m'dengu, mtundu uliwonse paokha. M'jumbo amachita thukuta, pofika masana wayamba kuterera ndi kununkha, ndipo ngakhale bowa wabwino akawola amatsegula m'mimba. Kunyumba ng'ambani tsinde lililonse kutalika kwake muone mphutsi. Pogula pamsewu, mulu wosakaniza mitundu kapena woduladula kale ndi woyenera kuukana, ngakhale utatsika mtengo bwanji. Ana asatumidwe okha kokazula.

Wotsala mufutseni tsiku lomwelo. Muwiritse pang'ono m'madzi a mchere, mukhetse, muyanike pa mphasa mosaunjika mpaka azithyoka mukamupinda, kenako m'chikwatu pamalo ouma. Akalowa m'chikwatu ali ndi chinyezi amachita nkhungu. Kufutsa kumasunga bowa wabwino basi, poizoni wa wakupha uja sathawa moto kapena dzuwa.

Wina akayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba atadya bowa, funsani kuti anadya nthawi yanji. Zikayamba patatha maola 6 kapena kuposa, mpaka 24, ndiye zoopsa kwambiri. Wodwala amaoneka ngati wachira pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu pomwe chiwindi chikuwonongeka, kenako maso amachita chikasu. Musadikire zimenezo, ndipo musataye nthawi ndi mkaka kapena mankhwala azitsamba. Onse amene anadya nawo apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale amene akumva bwino, mutatenga ndiwo zotsala ndi bowa wosaphika ngati alipo, ndipo muwauze achipatala pomwe munamuzula ndi ola limene munadya.